FAT32, exFAT kapena NTFS: fulashi yanu muifomate bwanji?

Fulashi ya munthu wa ku Chipata siikhala pa makina amodzi. M'mawa ili pa kantemba ka ku Kapata, anyamata akuikamo nyimbo. Masana yafika ku Down Shops kokapulinta kalata yofunsira ntchito. Madzulo yalowa m'wailesi ya minibasi ya ku Katete, ndipo Loweruka alamu aibwereka kuti akaonetse kanema wa ukwati pa TV ya sola kumudzi. Makina onsewa sanapangidwe chaka chimodzi, ndipo sawerenga fulashi mofanana. N'chifukwa chake munthu akandifunsa kuti fomati yabwino ndi iti, ine ndimayamba ndamufunsa kuti pa makina onse amene fulashiyo idzalowemo, akale kwambiri ndi ati. Amenewo ndiwo amalamula. Laputopu yatsopano ya Windows iwerenga mitundu yonse itatu popanda kudandaula. Imene ingakuchititseni manyazi pagulu ndi wailesi ya m'galimoto kapena sipika ya kutchalitchi.

Mukadina dzina la fulashi ndi batani lakumanja pa Windows n'kusankha Format, pamzere wa File system pamaoneka maina awa: FAT32, exFAT, NTFS. Ambiri amangothamangira pa Start osayang'ana pamzerewo. Mainawa ndi njira zosiyana zolembera kaundula wa fulashi. Taganizani za anyakwawa amene ali ndi buku la minda ya m'mudzi: munda wakuti ndi wa uje, ukuyambira pa mtengo wa mpundu n'kukathera kudambo, ndipo malo akuti alibe mwini. Fulashi nayo ili ndi buku lotero, lonena dzina la fayilo iliyonse, kukula kwake, ndi timagawo timene yakhalamo. Wailesi imene imadziwa kuwerenga buku la FAT32 lokha mukaipatsa la exFAT imangolemba kuti USB Error kapena No Device, chonsecho nyimbo zili momwemo. Quick Format nayo imangong'amba bukulo n'kuikapo latsopano lopanda kanthu. Mindayo imakhala ilipobe mpaka wina atadzalamo zina.

FAT32, imene makina onse amaidziwa

FAT32 inabwera mu 1996 ndi Windows 95 yokonzedwanso ija imatchedwa OSR2, ndipo makolo ake, FAT12 ndi FAT16, ndi a m'nthawi ya madisiketi. Ukalamba umenewu ndiwo umaipatsa mphamvu. Aliyense wopanga kachipangizo kokhala ndi bowo la USB amayambira pa FAT32, chifukwa ndi yophweka moti ngakhale kachipu kotchipa kwambiri kamaikwanitsa. Mawailesi a galimoto zakale zochokera ku Japan, masipika onyamula m'manja amene adzaza ku Saturday Market, ma DVD, makina a fotokope okhala ndi bowo la fulashi, makiyibodi a kwaya, mafoni a Android, Mac, Linux, onsewa amaiwerenga. Ngati fulashi yanu ntchito yake ndi nyimbo, maulaliki, zithunzi ndi makalata, simufunikanso kuwerenga zambiri: ikani FAT32. Nyimbo ya MP3 wamba imadya pafupifupi 1MB pa mphindi, ndiye fulashi ya 16GB ikhoza kunyamula nyimbo zoposa 3,000. Zimenezo n'zokwanira ulendo wa ku Lusaka, kupita ndi kubwera, kangapo konse.

Chilema chake ndi chimodzi, koma n'chachikulu. Fayilo imodzi siingapitirire 4GB. Kunena molondola, malire ake ndi mabayiti 4,294,967,295, chifukwa malo olembamo kukula kwa fayilo m'kaundula wa FAT32 ali ndi mabiti 32 okha ndipo nambala yoposa pamenepo siikwanamo. Malirewa ndi a fayilo imodziimodzi, osati a fulashi yonse. Mafayilo asanu ndi atatu a 3GB alowa bwinobwino mu fulashi ya 32GB, koma imodzi ya 4.5GB ikanidwa ngakhale fulashiyo ikhale yopanda kanthu.

Zimenezi zimaoneka kawirikawiri kwa ojambula mavidiyo a maukwati. Mayi afika ndi fulashi yatsopano, akadali ndi pepala lake m'chikwama, kudzatenga kanema wa ukwati wa mwana wawo. Mnyamata wa pa kompyuta aikoka fayiloyo, ndipo Windows ilemba kuti "The file is too large for the destination file system."

"Amai, yakana."

"Yakana bwanji, mwanawe? Ndagula lero lomwe, anandiuza kuti ndi ya 32. Kodi andigulitsa yadzadza kale?"

"Ayi amai, malo alimo ambiri. Kanemayu ndiye wakula, ndi wa 6GB. Mukaonera pa chiyani kunyumba?"

Funso la mnyamatayo ndilo loyenera. Akangothamangira kusintha fulashiyo kukhala exFAT, kanema alowa, mayi alipira, koma akafika ku Chadiza n'kupeza kuti TV yawo siikuiona fulashiyo, ulendo wawonongeka ndipo abale asonkhana pachabe. Ngati TV ndi yakale ndipo sakuidziwa bwino, chanzeru ndi kusiya FAT32 n'kudula kanemayo pawiri, gawo la kutchalitchi ndi gawo la kumadyerero, kapena kumuchepetsa ndi pulogalamu yaulere monga HandBrake mpaka atatsika pansi pa 4GB. Pa TV yaing'ono palibe amene angaone kusiyana kwake.

Kuti mudziwe msanga pamene 4GB imathera: foni yojambula pa 1080p imadya cha m'ma 130MB pa mphindi, ndiye pakangotha theka la ola mwafika kale pa malire. Pa 4K ndi mphindi khumi ndi zochepa chabe. Munthu wojambula Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, kapena Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, n'kulumikiza zonse kukhala kanema mmodzi, sangayembekezere kuti FAT32 imulandira. Makamera ambiri ogwiritsa makhadi a FAT32 amadula okha kanema m'zidutswa zosapitirira 4GB, ndipo n'chifukwa chake mumapeza mafayilo atatu kapena anayi pa chinthu chimene munajambula osaimitsa.

Pali malire ena amene amasokoneza anthu, a 32GB. Mukalowetsa fulashi ya 64GB kapena 128GB, bokosi la Format la Windows silionetsanso FAT32, limangokupatsani exFAT ndi NTFS. Ambiri amaganiza kuti ndiye kuti FAT32 siingagwire pa fulashi yaikulu. Si zoona. FAT32 imafika mpaka 2TB, ndipo Windows yomweyo imawerenga fulashi ya 128GB ya FAT32 popanda vuto. Chimene imakana ndi kuipanga yokha. Dave Plummer, amene anali injiniya wa Microsoft, anafotokoza kuti nambala ya 32GB anaisankha iye polemba bokosi la Format lija, pa nthawi imene 32GB inkaoneka ngati chinthu chosafikirika. Mu 2024 Microsoft inayamba kukweza malirewo mu Windows 11 yoyeserera, koma pa lamulo lochita kulemba mu Command Prompt lokha, osati pa bokosi lodina. Choncho ngati muli ndi fulashi ya 64GB imene mukufuna iziimba m'galimoto, gwiritsani pulogalamu yaulere ya Rufus: pa Boot selection sankhani Non bootable, pa File system sankhani Large FAT32. Pa Mac, Disk Utility imachita zimenezi popanda kuvuta, kungoti kumeneko FAT32 amailemba kuti MS-DOS FAT.

Komabe kwa a minibasi ndi a mataxi ndinganene kuti musavutike ndi fulashi yaikulu. Mawailesi ambiri akale ali ndi malire awoawo a chiwerengero cha mafoda ndi nyimbo zimene angaone, ndipo akapatsidwa fulashi yodzaza amatha nthawi akuwerenga musanamve kalikonse. Ya 8GB kapena 16GB ndiyo imawakomera. Palinso kakhalidwe kena ka mawailesi ndi masipika otchipa: saimba motsata alifabeti, amaimba motsata mmene nyimbozo zinalowera mu fulashi. Mukhoza kulemba 01, 02, 03 kutsogolo kwa maina koma iwo osasamala. Ofuna kuti nyimbo za pa ukwati kapena za kwaya zitsatane bwino afomate fulashi n'kukopera nyimbozo imodziimodzi m'ndondomeko imene akufuna.

exFAT, ya mafayilo akuluakulu

Microsoft inatulutsa exFAT mu 2006, itapangidwira mafulashi ndi mamemore makamaka. Ndi yopepuka ngati FAT32, koma malire a 4GB mulibe. Fayilo ikhoza kukula kuposa fulashi iliyonse imene mungagule. Bungwe loyang'anira makhadi a SD linaisankha kuti ikhale ya makhadi a SDXC, amene ndi oposa 32GB, pamene a SDHC, ofika pa 32GB, amabwera ndi FAT32. Mafulashi ambiri a 64GB kupita m'tsogolo nawo amachoka kufakitale ali kale pa exFAT.

Pa makompyuta, exFAT ndiyo imayenda bwino koposa. Windows imaidziwa kuyambira pa Vista SP1, ndipo XP inkafuna kaye kuikamo chowonjezera. Mac imaiwerenga ndi kuilemba kuyambira pa 10.6.5 ya mu 2010. Linux inachedwa chifukwa cha nkhani za umwini, mpaka mu 2019 pamene Microsoft inasindikiza poyera malamulo a exFAT ndipo inalowa mu Linux 5.4. PlayStation 4 ndi 5 zimalandira FAT32 ndi exFAT koma NTFS ayi, zimene anyamata a m'mashopu a magemu ayenera kuzidziwa. Wophunzira wa kukoleji amene ali ndi laputopu ya Windows pamene mnzake wa m'gulu ali ndi MacBook, wojambula amene amatumiza ntchito kwa wina ku Lilongwe kudzera pa Mwami, munthu wosunga mafilimu ndi mapulogalamu akuluakulu, onsewa yawo ndi exFAT.

Vuto lili pa makina aja osakhala makompyuta. Kwa zaka zambiri, kampani yofuna kuika exFAT m'chipangizo chake inkayenera kulipira Microsoft, ndipo opanga zinthu zotchipa ambiri sanalipire. Zotsatira zake n'zakuti wailesi ya galimoto, DVD, sipika kapena TV yopangidwa zaka khumi zapitazo nthawi zambiri siidziwa exFAT. Zina zatsopano zopanda dzina lodziwika siziidziwanso mpaka lero. Munthu amagula fulashi ya 64GB, aikamo nyimbo, ikana m'galimoto, iye n'kubwerera kwa wogulitsa kukachita phokoso kuti yafa, chonsecho fulashiyo ilibe mlandu.

Pa mafoni zinthu n'zosakanikirana. Mafoni a Samsung akhala akuwerenga exFAT kwa nthawi yaitali. Android yeniyeni ya Google inachedwa, ndipo mafoni a Pixel anayamba kuiwerenga ndi Android 13. Mafoni ena otchipa, makamaka akale, mukawalumikiza fulashi ya exFAT pa chingwe cha OTG, chija cholumikizira fulashi ku foni, amanena kuti fulashi ili ndi vuto ndipo amapempha kuti muifomate. Musavomere msanga. Foniyo ikungonena kuti siikudziwa kalembedwe kameneko, ndipo mukadina kuvomera ifafaniza zonse n'kuikapo FAT32.

Chinthu china chimene exFAT imagawana ndi FAT32 ndi kusalimba ntchito ikadukizidwa. Zonse ziwiri zilibe kabuku kolembamo zimene zikuchitika pa nthawiyo. Mukazula fulashi kompyuta ikulemba, kapena malaiti akapita pa kompyuta ya patebulo yopanda batire, kaundula akhoza kutsala wolembedwa theka. Pamenepo ndi pamene mumapeza mafoda okhala ndi maina a zilembo zachilendo, kapena fayilo yolembedwa kuti 0KB. Ndipo exFAT ndiyo yosatetezeka kwambiri pa ziwirizi, chifukwa FAT32 imasunga makope awiri a tebulo lake pamene exFAT nthawi zambiri imasunga limodzi. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankapita maola ambiri pa tsiku m'dziko lonse, ndipo amene amakopera zinthu pa makompyuta a m'mashopu anaiona nkhani imeneyi ndi maso. Mankhwala ake ndi osavuta: koperani pa laputopu yokhala ndi batire ngati ilipo, dikirani kuti ntchito ithe, ndipo dinani Eject musanazule. Kuyambira pa Windows 10 ya kumapeto kwa 2018, Windows imaika mafulashi pa Quick removal, kutanthauza kuti siisunga zolemba m'mimba kudikira nthawi ina. Izi zinachepetsa ngozi, koma sizipulumutsa munthu wozula kamzere kobiriwira kosonyeza kukopera kasanafike kumapeto. Pa Mac ndi Linux, Eject ndi lamulo.

NTFS, ya Windows

NTFS inabwera mu 1993 ndi Windows NT 3.1, ndipo ndiyo ili pa disiki ya mkati mwa kompyuta yanu ya Windows. Pa mitundu itatuyi ndiyo yokhwima. Ili ndi kabuku kaja kamene zinzake zilibe: isanasinthe kaundula imayamba yalemba chimene ikufuna kuchita, kuti magetsi akadukiza ithe kubwerera n'kukonza. Dziwani kuti kabukuka kamateteza kaundula, osati fayilo imene imalembedwa pa nthawiyo. Kanema amene anali pakati pokopedwa adzakhala woduka ndithu, koma mafoda ena onse apulumuka. NTFS ilibenso malire a 4GB, imatha kupanikiza mafayilo kuti achepe, ndipo imasunga zilolezo zonena kuti fayilo yakuti angatsegule ndani.

Zonsezi n'zabwino pa disiki yokhala malo amodzi. Pa fulashi yoyendayenda, zina mwa izo zimasanduka msampha. Zilolezo zija zimamangidwa ku akaunti ya pa kompyuta imene zinapangidwira, ndiye fayilo ikhoza kutseguka bwino kuofesi koma pa kompyuta ya ku intaneti kafe n'kulemba kuti Access denied. Choopsa koposa ndi kubisa fayilo ndi EFS, kaja kabokosi ka Encrypt contents: kiyi yake imatsala pa kompyuta yoyamba, ndipo kompyutayo ikafa kapena ikaikidwa Windows yatsopano, fayiloyo yapita ngakhale ili m'manja mwanu. Mac imawerenga NTFS koma siilemba popanda pulogalamu yowonjezera, choncho mnzanu wa MacBook atha kutenga zanu koma sangakuikireni zake. Linux imaikwanitsa kudzera mu pulogalamu ya ntfs-3g, ndipo kuyambira mu 2021 Linux 5.15 ili ndi njira yakeyake. Mafoni ambiri a Android saiona, mawailesi a galimoto ndiye musatchule n'komwe.

Anthu ena amati NTFS imapha fulashi msanga chifukwa kabuku kaja kamachulukitsa kulemba. N'zoona kuti kulemba kumachuluka pang'ono, ndipo pa fulashi yotchipa mumamva kuchedwa mukamakopera timafayilo tambirimbiri. Koma kwa munthu wamba, fulashi imatayika, kuthyoka khosi kapena kuchapidwira m'thumba la buluku isanathe chifukwa cha kulembedwa. Ine sindiikana NTFS pa chifukwa chimenecho. Ndimaikana chifukwa cha makina amene saiwerenga.

Pali malo awiri pamene NTFS imapambana. Oyamba ndi TV. Zikumveka zachilendo, koma ma TV ambiri a zaka zapitazo amawerenga FAT32 ndi NTFS pamene exFAT saidziwa. Ndiye ngati muli ndi kanema woposa 4GB ndipo TV yakana exFAT, yesani NTFS musanataye mtima. Kabuku kobwera ndi TV kamanena mitundu imene imalandira, pa tsamba la USB, ndipo ngati kanatayika, kuyesa ndi fayilo imodzi yaing'ono kumatenga mphindi zisanu. Achiwiri ndi disiki yakunja ya 1TB kapena 2TB imene imangogwira pa makompyuta a Windows, monga yosungira mabuku a ndalama za shopu, mafayilo a sukulu kapena ntchito za situdiyo. Pamenepo kabuku koteteza kaja n'kofunika kuposa kuyenda pa makina ambiri.

Za ext4, APFS ndi HFS+ tingodutsa. Yoyambayo ndi ya Linux, zinazo ndi za Apple, ndipo Windows payokha siiwerenga iliyonse mwa izo. Mukapita nayo kokapulinta, kompyuta ya kumeneko idzakufunsani ngati mukufuna kuifomata, ndipo mnyamata wotanganidwa akhoza kudina Yes musanatsegule pakamwa. Muzisankhe pokhapokha fulashiyo siidzatuluka m'nyumba. A Mac akumbukirenso ziwiri. Pofomata fulashi ya m'galimoto kapena TV, pa Scheme sankhani Master Boot Record, chifukwa makina akale ambiri sadziwa GUID. Ndipo Mac imasiya timafayilo tobisika toyamba ndi kadontho ndi kamzere kapansi, timene wailesi imationa ngati nyimbo n'kumalephera kutiimba. Mukamva wailesi ikudumphadumpha pakati pa nyimbo, yang'anani timeneto.

Okonza makompyuta ali ndi nkhani yawoyawo. Makompyuta a masiku ano oyaka ndi UEFI, pulogalamu ya mkati yoyatsira kompyuta imene inalowa m'malo mwa BIOS yakale, amayembekezera kupeza FAT32 pa fulashi yoikira Windows, koma fayilo ya install.wim ya mu Windows 10 ndi 11 yatsopano nthawi zambiri imaposa 4GB. Media Creation Tool ya Microsoft imazemba vutoli pogwiritsa fayilo yopanikizidwa ya install.esd. Rufus imaika mafayilo pa NTFS n'kuwonjezera kagawo kakang'ono ka FAT koyatsira. Pulogalamu ina, Ventoy, imapanga gawo lalikulu la exFAT limene mumangoponyamo mafayilo a ISO (oikira Windows kapena Linux) ambirimbiri n'kusankha poyatsa. Apa musasankhe nokha, isiyeni pulogalamuyo ichite zake. Koma fulashi yokonzera BIOS ikhale yaing'ono, ya FAT32.

Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa mafulashi ine ndimalangiza awiri. Imodzi yaing'ono, ya 8GB kapena 16GB, ya FAT32, yopita paliponse: kokapulinta, m'galimoto, kutchalitchi, kwa alamu. Ina yaikulu, ya 64GB kapena kuposa, ya exFAT, yongolowa m'makompyuta amene mukuwadziwa. Ubwino wake suli pa fomati yokha. Fulashi yoyendayenda ndiyo imatola mavayirasi, ndipo n'kwabwino kuti imene yatola ikhale yopanda zinthu za mtengo wapatali.

Vayirasi yofala kwambiri m'makompyuta a anthu ambiri ndi ija imasandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Siisankha fomati: FAT32, exFAT, NTFS, yonse imalowa. Chimene imachita ndi kubisa mafoda enieni n'kuikapo tizithunzi tonamizira, timene mukatidina vayirasi imalowa m'kompyuta yanu. Mafayilo amakhala alimo. Musadine tizithunzito ndipo musafomate. Yambani mwapima fulashiyo ndi antivayirasi, kenako tsegulani Command Prompt n'kulemba attrib -h -r -s /s /d E:\*.* ndipo m'malo mwa E muike chilembo cha fulashi yanu. Mafoda aja abwerera. Amene amanyamula zinthu zachinsinsi, monga mapepala a malipiro kapena zithunzi za chiphaso cha NRC, adziwe kuti palibe fomati imene imabisa kanthu payokha. Chofunika ndi BitLocker To Go, imene imapezeka pa Windows ya Pro ndipo imagwira pa mitundu yonse itatu, kapena kutsekera mafayilowo mu 7-Zip ndi mawu achinsinsi.

Fomati siichizanso fulashi yachinyengo. Pamsika pamapezeka mafulashi olembedwa 128GB, 512GB, ngakhale 2TB, pa mtengo wa fulashi ya 16GB. Mkati mwake muli kachipu kakang'ono kamene anakaphunzitsa kunama. Windows ionetsa nambala yaikulu ija, Quick Format idutsa bwinobwino, mafayilo oyamba atseguka. Mukangopitirira malo enieni a kachipuko, zatsopano zimatayika kapena zimalembedwa pamwamba pa zakale, maina akuonekabe koma mkati muli zinyalala. Anthu amasintha kuchoka pa FAT32 kupita pa exFAT, kenako NTFS, poganiza kuti vuto ndi fomati. Njira yodziwira ndi pulogalamu yaulere ya H2testw pa Windows, kapena F3 pa Linux ndi Mac, imene imadzaza fulashi yonse n'kuwerenganso kuti ione ngati zimene inalemba zabwerera. Imatenga nthawi, koma ichiteni tsiku logula lomwelo, wogulitsa akadakukumbukirani. Musasokoneze zimenezi ndi kuchepa kwachibadwa: fulashi yeniyeni ya 32GB imaoneka ngati 29GB kapena kuchepera pang'ono pa Windows, chifukwa opanga amawerenga ndi 1,000 pamene Windows imawerenga ndi 1,024. Pamenepo sanakubereni.

Pofomata penipeni, koperani kaye zonse kwina, chifukwa kusintha fomati kumafafaniza. Njira yokhayo ya Windows yosintha osafafaniza ndi lamulo la convert E: /fs:ntfs, lochotsa fulashi pa FAT32 kupita pa NTFS, ndipo silibwerera m'mbuyo. Onetsetsani kawiri chilembo cha fulashi, makamaka ngati pa kompyutapo palinso disiki yakunja. Pa Allocation unit size siyani Default. Chongodziwa n'chakuti exFAT pa fulashi yoposa 32GB imagwiritsa timagawo ta 128KB, ndiye kalata ya 5KB imadya 128KB yonse. Kwa wosunga mavidiyo zilibe kanthu, koma wosunga makalata masauzande ambiri akhoza kusankha 32KB. Quick Format ndi yokwanira pa fulashi yanu yomwe. Ngati mukuipereka kwa munthu wina kapena kuigulitsa, chotsani kachizindikiro ka Quick, pakuti kuyambira pa Vista fomati yathunthu imalemba maziro pa fulashi yonse ndipo zakale sizingafukulidwenso.

Tsiku limene mudzalowetse fulashi n'kuona uthenga woti "You need to format the disk before you can use it", dinani Cancel. Kawirikawiri chawonongeka ndi kaundula, mafayilo akadali m'malo mwake. Iyeseni pa bowo lina ndi pa kompyuta ina, ndipo dzifunseni ngati siinafomatidwe pa Mac kapena Linux. Ikakanabe, musalembemo kalikonse. Pulogalamu ya TestDisk imayesa kukonza kaundulayo, pamene PhotoRec, imene imabwera nayo limodzi ndipo zonse ndi zaulere, siisamala za kaundula: imasanthula fulashi yonse kufunafuna zithunzi, mavidiyo ndi makalata. Maina a mafayilo ndi mafoda siibweza, mudzapeza manambala okhaokha oti muwasanje nokha. Zimene yapeza muziike pa disiki ya kompyuta, osati pa fulashi yomweyo, ndipo muifomate pokhapokha mutatsegula mafayilowo n'kuona kuti ali bwino.